Nyumba ya ku Leeds: pansi agogo akunjenjemera, pamwamba alamu atsegula windo

Ntchito iyi ndinaigwira kuyambira Novembala 2022 mpaka kumayambiriro kwa 2023, ndipo ndati ndiilembe yonse chifukwa anthu akwathu kuno ku UK amandifunsa funso lomwelomweli pafupifupi sabata iliyonse, kuti achimwene, ma valavu oyendera foni aja amatsitsadi bilu ya gasi kapena ndi zongotidyera ndalama? Ine ndimagwira za ma boyila ndi mapaipi, ndili pa Gas Safe Register, kaundula wa anthu ololedwa kugwira ntchito za gasi kuno, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp ndingofotokoza nyumba imodzi mmene zinayendera. Eni ake anandilola bola ndisatchule mayina.

Nyumbayo ili ku Leeds, ndi terrace, zija zomatana khoma ndi khoma mzere wonse, yanjerwa zofiira ya nthawi ya Victoria. Makoma ake ndi njerwa yokhayokha, alibe mpata pakati ngati nyumba zatsopano, ndiye kuitenthetsa kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Pansi pali balaza, khitchini, kakolido ka pakhomo ndi chipinda chodyera chomwe anachisandutsa chogona agogo. Pakati pali chipinda cha makolo, cha ana awiri ndi bafa. Kudenga kuli tizipinda tiwiri, kena amagonamo mphwawo wa ku yunivesite, kena anangounjikamo masutikesi ndi katundu wodikira kontena yopita kumudzi. Ma rediyeta onse pamodzi 10. Boyila ndi combi, ija yotenthetsa ma rediyeta ndi madzi a shawa yomwe, ya 30 kW ya zaka zisanu ndi zinayi, thermostat imodzi yokha yozungulira ija, ili mu kolido pafupi ndi chitseko cha panja.

Chomwe chinapangitsa ntchitoyi kukhala yosangalatsa si nyumba koma anthu ake. Bambo amachoka 5 koloko mmawa. Mayi, omwe ine ndimawatcha alamu, amagwira naiti ku care home, amafika cha m'ma 8, kugona mpaka cha m'ma 3 masana. Ana ali ku sukulu mpaka 3 kupitirira. Mphwawo sadziwika nthawi yake kkk. Agogo, mayi ake a bambowo, anabwera kuchokera ku Zomba mu Seputembala, iwo amakhala pakhomo tsiku lonse ndipo chisanu cha kuno anali asanachionepo chibadwire. Anthu asanu ndi mmodzi, mawotchi anayi osiyana, thermostat imodzi.

Ndiye zomwe zinkachitika nzakuti agogo akamva kuzizira amapotokola thermostat mpaka 25, boyila imayaka tsiku lonse, chipinda chawo sichifunda ndithu, koma pamwamba pamene alamu akuyesa kugona pamakhala ngati ku Nsanje mu Okotobala, iwo nkutsegula windo. Gasi ankalipira wotenthetsera mpheta za panja. Kumbukirani kuti Okotobala 2022 ndi pamene boma linaika malire a mtengo wa gasi ndi magetsi otchedwa Energy Price Guarantee, gasi ali pafupifupi 10.3p pa kWh, pomwe chaka chimodzi mmbuyomo anali cha m'ma 4p. Direct debit itadumpha bambo anandiimbira usiku womwewo. Mawu awo anali oti, achimwene tangobwerani mudzaike zija za pa foni, mnzanga ku ntchito ali nazo akuti zikumuthandiza. Ndinawauza kuti ndibwera koma tsiku loyamba sindibweretsa kanthu, ndingodzaona kaye.

Ndinafika Loweruka mmawa nditawapempha kuti asayatse heating. Ndimakonda kuyamba sisitimu ili yozizira, kuyatsa, kenako kuyenda chipinda ndi chipinda ndi dzanja komanso ma thermometer opana pa paipi, kuona kuti ndi rediyeta iti yayamba kufunda ndi iti yatsalira. Ya m'chipinda cha makolo ndi ya ana zinatentha pasanathe mphindi zisanu chifukwa boyila ili pafupi, paipi yake ndi yaifupi. Ya kolido chimodzimodzi. Ya agogo patatha theka la ola inali yofunda kumwamba kokha, pansi pakati zii ngati mwala wa mumtsinje. Amene mumagwira ntchitoyi mukudziwa kale, kuzizira kumwamba ndi mpweya, kuzizira pansi pakati ndi matope. Nditatulutsa timadzi pang'ono m'kapu anali akuda bii ngati oyilo wa minibasi, ndi dzimbiri lija limadya ma rediyeta mkati sisitimu ikakhala zaka popanda mankhwala. Sefa ya maginito, yogwira dzimbiri limeneli lisanafike m'boyila, panalibe.

Chachiwiri, ma lockshield onse 10 anali otsegula mpaka kumapeto. Lockshield ndi valavu ya mbali inayo ya rediyeta, yovala kachipewa ka pulasitiki, yomwe anthu ambiri sanaikhudzepo. Madzi ndi aulesi, amadutsa njira yaifupi nkubwerera ku boyila, ndiye ngati simunawapanikize pa ma rediyeta apafupi akutaliwo amangolandira zotsala. Chachitatu, kutentha kwa madzi otuluka m'boyila kunali pa 80, dayilo ili kumapeto. Boyila ya condensing, yomwe ku England ndi Wales yakhala ya lamulo kuyambira Epulo 2005, imapulumutsa gasi pokhapokha madzi obwerera akhale pansi pa madigiri 55 kapena cha pamenepo, kuti nthunzi ya mu utsi isanduke madzi nkusiya kutentha kwake mkati. Apa obwerera ndinawapeza pa 70 kupitirira. Kunena kwina boyila yatsopano inkagwira ngati yakale.

Ndiye panali ma TRV akale, mitu ija ya pa valavu ya rediyeta ya manambala 1 mpaka 5. Pa 10 paja inalipo pa ma rediyeta 8, ndipo atatu tipini take tinali titauma. Ndifotokoze pang'ono apa chifukwa ndi pamene anthu amasokonezeka. Mkati mwa mutuwo muli phula kapena timadzi tomwe timafufuma chipinda chikafunda, nkukankha kapini, kapiniko nkutseka madzi. Manambalawo si mphamvu ya moto ngati pa sitovu ayi, ndi kutentha komwe mukufuna chipinda chifike, 3 ndi pafupifupi madigiri 20, kanyenyezi ka pamutupo ndi cha m'ma 7 kongoteteza mapaipi kuti asaume ndi chisanu. Kuika pa 5 sikufulumizitsa kalikonse. Ndipo TRV wamba imangotha kutseka, siingauze boyila kuti yaka. Apa ndi pamene mutu wa smart umasiyana, uli ndi kamota ndi mabatire awiri a AA, uli ndi ndandanda yakeyake ya nthawi, ndipo umalankhula ndi kabokosi ka pa boyila kuti ine kuno ndazizidwa, tayatsa. Basi, nzeru yake yonse ndi imeneyo. Matope siwachotsa, rediyeta yaing'ono siikulitsa.

Ndinawauza bambo kuti ndikaika mitu ya smart pa sisitimu iyi mmene ilili, mukhala ndi foni yokuuzani mwaulemu kuti chipinda cha agogo chili pa 15 ndipo chikukanika kukwera, zomwe agogo akukuuzani kale mwaulere. Anaseka koma ndinaona kuti zawawawa, chifukwa ndalama anali atakonzera zidole za pa foni osati kutsuka mapaipi.

Ulendo woyamba wa ntchito unatenga tsiku lathunthu. Power flush, kutsuka mkati ndi pampu yamphamvu, rediyeta imodziimodzi mpaka madzi atayera, ya agogo ndinachita kuichotsa nkukaitsukira kuseri ndi paipi ya m'munda. Sefa ya maginito pa paipi yobwerera, mankhwala oletsa dzimbiri, kudzaza mpaka 1.2 bar sisitimu ili yozizira. Ma valavu atatu ouma aja awiri anamasuka nditawagogoda pang'ono ndi kuwakanikiza kangapo, imodzi ndinasintha yonse. Ndinaika matupi a TRV pa ma rediyeta omwe adzafunika mitu, madzi ali kale otuluka, kuti ndisadzakhuthulenso kawiri. Kenako kubalansa, ntchito yotopetsa yomwe ambiri amaithawa chifukwa kasitomala saona chomwe ukuchita, umangokwera ndi kutsika masitepe ndi kasipanala, kutseka lockshield ya pafupi mpaka itatsala kota kapena theka la kuzungulira, kudikira, kuyeza paipi yolowa ndi yotuluka, kubwereranso. Madzi otuluka ndinawatsitsa kufika pa 60.

Apa pali msampha. Mphamvu ya rediyeta yolembedwa m'kabuku amaiyeza madzi akulowa pa 75 nkutuluka pa 65 m'chipinda cha madigiri 20. Ukatsitsa kufika 60 rediyeta yomweyo imapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Zipinda za pamwamba zinalibe vuto, ma rediyeta ake anali aakulu kale kuposa muyeso. Cha agogo chili ndi makoma awiri a panja ndi chitseko cha galasi chopita kuseri, koma rediyeta yake inali ya panelo imodzi yopyapyala. Ndinaisintha nkuika ya mapanelo awiri, Type 22, utali womwewo kuti mapaipi asasunthe. Pa zonse zomwe ndinachita m'nyumba muja, ichi ndi chomwe agogo anachimva m'mafupa usiku woyamba.

Zida za smart zinachedwa kufika masabata awiri, ndipo kuchedwako kunandithandiza. Ndinawapempha kuti azijambula mita ya gasi Lamlungu lililonse madzulo. Mita yawo imawerenga ma cubic metre, ukachulukitsa ndi 11 ndi pang'ono umapeza ma kWh. Masabata awiri amenewo, popanda chilichonse cha pa foni, thermostat yakale yomweyo itangoikidwa pa 20, gasi anatsika moonekeratu ngakhale kunja kunkapita kuzizirira. Alamu anasiya kutsegula windo. Mfundo imeneyi muisunge.

Za kusankha zida, pamsika pali Drayton Wiser, tado, Honeywell evohome ndi Hive, zonsezi zili ndi mitu ya pa rediyeta. Nest ndi thermostat yokha ilibe mitu yake. Yomwe tinasankha sinditchula, ndingaoneke ngati ndikutsatsa, ndipo zomwe zinatichitikira zikanachitika ndi iliyonse. Chomwe ndimayang'ana ine ndi zitatu zokha, kodi ndandanda imapitirira intaneti ikaduka, kodi munthu wopanda foni angapotokole mutuwo ndi dzanja, ndipo kodi pali kasensa ka pakhoma kogulidwa padera. Nthawi imeneyo mutu umodzi unkadutsa mapaundi 40, ndiye kuika pa ma rediyeta onse 10 ndi kuwaza ndalama. Ndinaika 7: iwiri pabalaza, wa agogo, wa makolo, wa ana, ndi iwiri kudenga. Khitchini ndinasiya TRV wamba pa 2 chifukwa mophikidwa nsima ndi nyemba tsiku ndi tsiku mumafunda mokha. Kolido ndi thawulo ya m'bafa ndinazisiya zopanda mutu, zotsegula nthawi zonse, kuti pampu ikhale ndi kotumiza madzi ena onse akatseka. Ma valavu ambiri kuno ndi a saizi ya M30 x 1.5, mitu inangolowa, awiri a kudenga ndi omwe anafuna adaputa. Kusintha mutu aliyense akhoza, madzi satuluka, koma kutsegula chivundikiro cha boyila kuti mulumikize kabokosi, pa ma boyila ambiri imeneyo ndi ntchito ya wa Gas Safe, musamayesere chifukwa munaona pa YouTube.

Ndandanda tinaikonza titakhala pa tebulo ndi tiyi, aliyense akunena nthawi yake. Agogo 21 kuyambira 6 mmawa mpaka 10 usiku, usiku 18. Ndinakana kupita pansi pa 18 kwa munthu wachikulire, ndi muyeso womwe a zaumoyo kuno amalangiza. Makolo 17 masana pamene alamu akugona, 19 madzulo. Ana 19 mmawa ola limodzi ndi theka, kenako kuyambira 3 koloko. Balaza 20 madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Mphwawo ndinamupatsa app nkumuuza kuti malire ako ndi 20, ukadutsa amalume ako aziona. Kachipinda ka masutikesi ndinaika 15.

Sabata yoyamba foni inalira kanayi.

Koyamba anali alamu, akuti kachinthuka kakulira ngati njuchi ndikangoyamba kugona. Kamota kaja kamamveka ndithu m'chipinda cha zii, makamaka kwa munthu wochokera ku naiti. Ndinasuntha ndandanda kuti kusintha kwakukulu kuzichitika 7:30 asanafike ndi 3:30 atadzuka, pakatipo mutu umangokhala wotseka chifukwa chipindacho sichitsika pansi pa 17 masana. Nkhani inatha.

Kachiwiri agogo, akuti mwana wanga, foni ya bambo awa ikuti 21 koma ine mapazi achita dzanzi. Anali olondola iwo osati foni. Sensa ya mutu ili masentimita ochepa kuchoka pa chitsulo chotentha, ndipo apa bedi linali litakankhidwira pomwepo, katani lalitali likuphimba mutuwo, pamwamba atayanika zitenje ziwiri zonyowa. Mutu unkayeza kathumba ka mpweya wotentha kuseri kwa katani nkutseka, pakati pa chipinda pali 17. Ndinaika sensa ya pakhoma la mkati, msinkhu wa pachifuwa, kutali ndi windo, nkuuza sisitimu kuti izimvera imeneyo. Za zitenje ndinachita kulankhula mozungulira, munthu wamkulu sumuuza kuti mwalakwa, ndinangoti agogo, chitsulochi chikavala nsalu chimafunditsa nsaluyo inu nkukuiwalani. Mawa lake bambo anagula choyanikira cha m'bafa. Tsiku lomwelo agogo anandifunsa ngati sikungatheke kungoika makala a kanyenya m'kambale usiku ngati mbaula ya kwathu mu Juni. Ndinakana mwamphamvu, nyumba za kuno ndi zotsekeka, utsi wosanunkha uja umapha anthu ali mtulo, ndipo ndisanachoke ndinayesa kachida kochenjeza za utsi umenewu, carbon monoxide, pamaso pawo kuti adziwe kulira kwake. Koma ndikuyendetsa galimoto ndinaganiza kuti maganizo awo ndi omwewo ndikugulitsa ine, kufunditsa pamene pali munthu osati nyumba yonse, kungoti iwo anali ndi chida choopsa.

Kachitatu ndi komwe kunandiphunzitsa kanthu. Bambo anati boyila ikuyaka nkuzima, kuyaka nkuzima usiku wonse. Ndinapita cha m'ma 11 usiku nkukhala m'khitchini ndi wotchi. Inkayaka mphindi ziwiri, kuzima, patapita mphindi zochepa kuyakanso. Chifukwa chake nchosavuta, combi ya 30 kW anaisankhira shawa osati ma rediyeta, ndipo kabuku kake kamati ikatsika motani pa heating siipita pansi pa 7 kW kapena cha pamenepo. Usiku chipinda chopempha moto ndi cha agogo chokha, rediyeta ya pafupifupi 1.5 kW, kuphatikiza kolido ndi bafa mwina 3. Zili ngati kuphika phala la mwana mmodzi pa moto wa pa ukwati, madzi amafika pa 60 nthawi yomweyo, boyila nkuzima. Kuyakayaka kumeneku kumadya gasi ndi kutopetsa fani ndi zoyatsira. Apa ndi pomwe kugawa zipinda kumadzitsutsa kokha, ukatseka zambiri boyila imasowa kotaya moto wake. Ndinatsitsa malire a mphamvu ya heating mu menyu ya boyila kuti isamayambe mothamanga, ndinatalikitsa nthawi yodikira isanayakenso, ndinatsegulako lockshield ya kolido pang'ono, ndipo balaza usiku ndinalikweza kuchoka 14 kufika 16 kuti nthawi zina lizipempha limodzi ndi cha agogo, poti khoma lawo ndi limodzi ndipo balaza lozizira linkaba kutentha kwa agogo kudzera pakhomapo. Sizinatheretu, boyila yaikulu ndi yaikulu basi, koma inayamba kuyaka nthawi yaitali modekha.

Kachinayi anali mabatire. Bambo, pofuna kupulumutsa, anachotsa omwe anabwera nawo nkuika otchaja. Otchaja amapereka 1.2 V pomwe wamba ndi 1.5 V, ndiye app inkangoti batire yatha. Anabwezeretsa okha.

Kenako kunabwera chisanu cha pakati pa Disembala 2022, amene munali kuno mukuchikumbuka, masiku opitirira khumi madzi ouma pa magalasi a galimoto mpaka masana. Pa 60 chipinda cha agogo chinkakakamira pa 19. Ndinawauza pa foni kuti akweze dayilo kufike 67 mpaka nyengo itasintha, kenako abwezere. Palibe cholakwika pamenepo, 60 si lamulo la Mose.

Vuto lalikulu linatulukira mu Januwale ndipo silinali la chida chilichonse. Bambo ataona kuti app imalola kuzimiratu chipinda, anazima ka masutikesi kaja, bwanji ndizifunditsa katundu. Chitseko chake sichitsekeka bwino, chimangokhala chotsegula pang'ono. Mpweya wofunda wonyowa wa nyumba yonse, wa shawa za anthu asanu ndi mmodzi, wa mapoto, wa zovala zoyanika, umakwera masitepe nkukapeza khoma lozizira la kudenga, khomalo nkuchita thukuta. Atasuntha masutikesi anapeza chuku chakuda kuseri konse, ndipo zovala zina zomwe alamu anakhala chaka akusonkhanitsira abale kumudzi zinali zitanunkha kale. Anandiitana ngati kuti denga likudontha. Denga linali bwinobwino. Tinatsuka khoma, kuchotsa katundu kuti asagunde njerwa, kubwezera 15, ndinapala chitseko kuti chizitsekeka, ndipo fani ya m'bafa yomwe anaizimitsa pa switch chifukwa cha phokoso ndinaiyatsanso. Kuyambira pamenepo nyumba iliyonse yakale yomwe ndaikamo mitu imeneyi ndimanena kawiri, chipinda chopanda munthu chitsitseni, musachiphe, ndipo chitseko chake chikhale chotseka.

Pa zithunzi za mita, kutsika kwakukulu kunachitika masabata awiri oyamba aja, kutsuka, kubalansa ndi kutsitsa madzi kufika 60. Mitu ya smart inawonjezerapo koma pang'ono, makamaka masiku a pakati pa sabata pamene ana ndi mphwawo kulibe ndipo zipinda zinayi zimakhala zotsika maola asanu ndi awiri. Ndalama yomwe anaika pa mituyo idzabwerera koma osati chaka chimodzi kapena ziwiri. Chomwe anagula msanga ndi choti agogo ndi mpongozi wawo anasiya kulimbirana dayilo imodzi. M'nyumba yaing'ono ya zipinda ziwiri momwe onse amachoka limodzi nkubwera limodzi sindikanaika nkomwe, thermostat imodzi yabwino ndi ma TRV wamba zikwanira.

Agogo anabwerera ku Zomba mu Malichi viza yawo isanathe. Chipinda chawo chinabwerera kukhala chodyera, sensa ya pakhoma ndinakaisamutsira kwa ana. Nditapita kukachita service mu Seputembala 2023 sefa ya maginito inali ndi matope pang'ono chabe, tipini tonse tikuyenda chifukwa mituyo imadzitsegula ndi kudzitseka yokha nthawi ndi nthawi ngakhale m'chilimwe, ndipo mabatire a pabalaza okha ndi omwe anafuna kusintha. Kudenga ubweya wotsekera kutentha ndi wopyapyalabe, kutali ndi 270 mm omwe amalangiza, ndinawalemberanso pa pepala kachitatu, bambo akuti kontena ipite kaye.